Kamphaka Kamasiye ndi Mphaka Wapakhomo: Kodi Mtolo wa Chifundo Amasenza Ndani?

Palibe munthu amene amatsutsa kuti chifundo ndi khalidwe labwino. Mwana amaphunzitsidwa kunyumba, kusukulu ndi kumalo opembedzerako kuti wofooka ayenera kuthandizidwa, ndipo wosowa pogona ayenera kulandiridwa. Komabe pali funso limene silifunsidwa kawirikawiri: munthu akachita chifundo, kodi amene amasenza mtolo wa chifundocho ndani? Nthawi zambiri wotamandidwa amakhala wina, pamene wopanikizika amakhala winanso amene sadafunsidwe n'komwe. Funso limeneli limaonekera bwino pa nkhani yooneka ngati yaing'ono, ya munthu amene watola kamphaka kamasiye n'kubwera nako pakhomo pamene pali kale mphaka wamkulu. Pa nkhaniyi pali mbali zitatu: kamwana kopanda mtetezi, mphaka wakale amene amaiona nyumbayo ngati yake, ndi munthu amene ali ndi mphamvu pa onse awiriwo. Zimene munthuyo angachite m'masabata otsatira n'zimene zimaonetsa ngati chifundo chake chili chenicheni kapena chongodzisangalatsa nacho.

Poyamba ndi bwino kuzindikira kukula kwa vuto la kamphaka kamene kataya make. Kamphaka kamabadwa kosaona ndiponso kosamva, ndipo kamalemera pafupifupi magalamu 100. Maso ake amayamba kutseguka pakapita masiku 7 mpaka 10. M'masabata atatu oyamba thupi lake silitha kudzisungira kutentha, choncho kakasowa make kapena abale ake ogona nawo mounjikana, kamazizidwa mpaka kufa. Kamayenera kuyamwa pa maola awiri kapena atatu alionse, usana ndi usiku. Sikathanso kukodza kapena kuchita chimbudzi pakokha. Make ndiye amakanyambita pamimba ndi kunsi kwa mchira kuti zimenezi zitheke. Motero wolera amalowa m'malo mwa mayi: amakafunditsa ndi botolo la madzi ofunda lokulungidwa m'nsalu, amakamwetsa mkaka wokonzedwera timphaka popeza mkaka wa ng'ombe umakatsegula m'mimba, ndipo amakapukuta ndi kansalu konyowa kakatha kuyamwa. Kamayamba kulawa chakudya cholimba pa masabata anayi, ndipo kamaleka kuyamwa pafupifupi pa masabata 8. Nyengo imeneyi isanakwane, moyo wake wonse umakhala m'manja mwa amene wakapeza.

Ngakhale pa chiyambi pomwepa, chifundo chimafuna nzeru. Mphaka wamkazi amasiya ana ake kwa kanthawi akapita kukasaka, ndipo nthawi zina amawasamutsa mmodzimmodzi kupita pamalo ena obisika. Munthu wopupuluma akhoza kutola kamwana kamene make ali pafupi, n'kukasandutsa kamasiye ndi manja ake omwe. Ngati kamphakako n'kofunda, kaukhondo ndipo sikali pangozi, n'kwabwino kuyamba waonerera patali kwa maola angapo. Kuthamanga sikufika.

Ena angafunse kuti: kodi mphaka n'chiyani kuti munthu azisowa naye tulo, pamene ana a anthu ena akugona ndi njala? Funsoli n'lomveka, koma anthu oganiza mozama adalilingalira kalekale. M'chaka cha 1789 Jeremy Bentham wa ku England adalemba kuti poganizira za nyama, chofunika si chakuti imatha kulankhula kapena kulingalira ngati munthu, koma chakuti imamva kuwawa. Immanuel Kant wa ku Germany, amene ankakhulupirira kuti udindo weniweni wa munthu uli kwa munthu mnzake, adaphunzitsabe kuti wochitira nyama nkhanza amaumitsa mtima wake, ndipo mtima woumawo amapita nawo kwa anthu. Anthu awiriwa adasiyana zifukwa koma adakumana pa mfundo imodzi, yakuti kuvutika kwa nyama si chinthu chongochinyalanyaza. Ndiponso mtima wa munthu si nkhokwe imene imachepa akatapamo. Mwana amene waphunzira kudzuka usiku kukamwetsa kanyama kosatha kuthokoza sakhala wouma mtima kwa mng'ono wake wodwala.

Palinso chifukwa china chimene chimachokera m'mbiri. Mphaka wapakhomo adachokera ku mphaka wakuthengo wa ku Africa ndi ku Middle East, wa mtundu wa vumbwe. Anthu atayamba kulima ndi kusunga mbewu, makoswe adatsata mbewuzo, ndipo amphaka adatsata makoswewo. M'chaka cha 2004 akatswiri ofukula zakale adalengeza za manda a pachilumba cha Cyprus, a zaka pafupifupi 9,500 zapitazo, m'mene mphaka adaikidwa pafupi ndi munthu. Ku Egypt wakale amphaka ankalemekezedwa kwambiri, kotero kuti Herodotus, wolemba mbiri wa ku Greece, adasimba kuti mphaka akafa pakhomo, eni nyumba ankameta nsidze zao posonyeza chisoni. M'midzi ya ku Malawi mphaka amagwirabe ntchito yake yakale ija yolondera nkhokwe ndi matumba a chimanga, ngakhale kuti anthu ena amamuganizira za ufiti n'kumamugenda popanda mlandu. Choncho pakati pa munthu ndi mphaka pali ngati pangano losalembedwa. Munthu ndiye adasunga mphaka pafupi, ndipo amphaka achulukana m'makomo ndi m'misika chifukwa cha iye. Mphaka wamkazi amatha kutenga bere ali ndi miyezi inayi mpaka isanu ndi umodzi, amakhala ndi bere kwa masiku pafupifupi 65, ndipo akhoza kuswa kawiri kapena katatu pachaka. Timphaka topezeka m'ngalande ndi kudzala si tsoka logwa kuchokera kumwamba ayi. Ndi zotsatira za kuweta kosasamala.

Zonsezi zikuikira kumbuyo kamphaka. Nanga mphaka wapakhomo uja amuimire ndani? Iye alibe maonekedwe omvetsa chisoni. Ndi wonenepa, wokhuta, ndipo mlendo akafika amaimika ubweya, amapinda makutu, n'kumapemerera mwaukali ngati mphiri. Woona amafulumira kumuweruza kuti ndi wodzikonda ndi wansanje. Koma chiweruzo chotere chimachokera m'kusadziwa. Kholo la mphaka lija limakhala lokha m'thengo, limasaka lokha, ndipo limateteza dera lake chifukwa moyo wake umadalira nyama zopezeka m'deramo. Galu amachokera ku nyama zoyenda m'magulu, n'chifukwa chake savutika kwambiri kulandira mnzake. Mphaka amatha kukhala ndi anzake, makamaka amene wakula nawo, koma mlendo amamuona poyamba ngati chiopsezo. Komanso mphaka amadziwa nyumba yake ndi mphuno kuposa maso. Akamadzikhula pamiyendo ya mpando, pachitseko kapena pamwendo wa mbuye wake, amakhala akusiyapo fungo lochokera m'masaya ndi pamphumi pake, ndipo fungo limenelo ndilo limamuuza kuti pamalopo ndi pamtendere. Fungo lachilendo likangolowa mwadzidzidzi, kwa iye zili ngati munthu amene wadzuka m'mawa n'kupeza mlendo wosamudziwa atagona pamphasa pake.

Kuvutika kwake si kongoyerekeza. Mphaka wamantha amabisala, amakodzera m'makoma pofuna kubwezeretsa fungo lake, ndipo ena amadwala matenda a chikhodzodzo amene amayambika kapena kukula chifukwa cha nkhawa. Ena amaleka kudya, ndipo mphaka wonenepa akakhala masiku angapo osadya akhoza kudwala chiwindi mpaka kufa. Ena amangochoka pakhomo osabweranso. Kuwonjezera apo, kamphaka kotoledwa kakhoza kubwera ndi utitiri, njoka zam'mimba, chipere kapena chimfine cha amphaka. M'dziko limene muli matenda a chiwewe, nyama iliyonse yosadziwika kumene yachokera iyenera kusamalidwa mochenjera, chifukwa chiwewe chimagwira amphaka monga chimagwirira agalu ndi anthu, ndipo zizindikiro zake zikaoneka sichichizika. M'chaka cha 1979 bungwe lolangiza boma la Britain pa za ziweto, la Farm Animal Welfare Council, lidandandalika zinthu zisanu zimene chiweto chilichonse chiyenera kutetezedwako kapena kupatsidwa: chisavutike ndi njala ndi ludzu, chisasowe pokhala pabwino, chisavutike ndi ululu kapena matenda, chikhale ndi mwayi wochita zachibadwa chake, ndipo chisakhale mwamantha. Munthu wobweretsa kamphaka mosaganiza akhoza kulanda mphaka wake wakale zingapo mwa zimenezi tsiku limodzi.

Apa ndiye pagona nkhani. Akuluakulu adati chifundo chidapha nkhwali, ponena za mbalame ija imene idapulumutsa njoka kumoto koma n'kulipidwa imfa. M'nthanoyo nkhwali idasankha yokha, ndipo idalipira yokha. Koma pakhomo la amphaka awiri, wosankha ndi munthu pamene wolipira ndi mphaka wakale. Malo ogona amene akugawidwa ndi ake, mbale imene ikulandidwa ndi yake, bata limene likusokonezeka ndi lake. Kupatsa n'kwabwino, koma munthu sangatchedwe wopatsa ngati akugawa za mwini. Chifundo chotenga kwa wina wosatha kukana n'kupereka kwa wina, mwini chifundoyo osataya kanthu, chili pafupi kwambiri ndi kusalungama.

Pali mayankho awiri osavuta, ndipo onse ndi operewera. Loyamba ndi lotseka chitseko: pakhomo pali kale mphaka, kamphakako kaone kolowera. Yankho limeneli limateteza mtendere wa mmodzi polola imfa ya wina, ndipo zinthu ziwirizi sizilingana kulemera kwake. Kusowa mtendere kwa masabata ochepa kumatha, koma imfa sibwezeka. Yankho lachiwiri ndi loponya kamphaka pakati pa nyumba n'kunena kuti azolowerana okha. Limeneli limaoneka ngati lachifundo, koma ndi ulesi wovala zovala za chifundo. Munthu wachita mbali yosavuta, yotola, n'kusiyira nyama ziwiri mbali yovuta. Amphaka akayambana koopsa pa tsiku loyamba, mantha ndi chidani zimatha kukhalitsa miyezi, ndipo kanthu kakang'ono kamakhoza kuvulazidwa.

Njira yachitatu ndi yakuti munthu asenze yekha mtolo wa chisankho chake, ndipo mtolowo ndi nthawi, malo ndi kuleza mtima. Akafika nako kamphaka amakapatsa chipinda chakechake chotsekeka, chokhala ndi pogona pofunda, madzi, chakudya ndi kabokosi ka mchenga kochitiramo chimbudzi. M'menemo kamakhala pafupifupi masabata awiri osakumana ndi mphaka wamkulu, kuti ngati kali ndi matenda aonekere. Pa nthawi imeneyi wolera amasamba m'manja akachoka kwa wina kupita kwa mnzake, amakaonetsa kwa dokotala kapena mlangizi wa ziweto kuti kalandire mankhwala a utitiri ndi njoka zam'mimba oyenera msinkhu wake, ndipo amaonetsetsa kuti mphaka wamkuluyo adalandira katemera. Katemera wa chiwewe kamphaka kamalandira kakakwanitsa miyezi itatu. Chipinda chimene chaperekedwacho ndi cha munthu, ndalama za mankhwala ndi zake, tulo timene tasowa ndi take. Umu ndi m'mene mtolo umabwerera kwa mwini wake.

Kenaka amayamba kudziwanitsa awiriwo, ndipo amayambira pamphuno, osati pamaso. Amapukuta masaya a kamphaka ndi kansalu n'kukaika pamene mphaka wamkulu amadutsa, ndipo amachitanso chimodzimodzi ndi fungo la wamkuluyo. Amasinthanitsa nsanza zimene amagonera. Amawapatsa chakudya nthawi imodzi, wina mbali iyi ya chitseko chotseka, wina mbali inayo, kuti fungo la mlendo lizibwera pamodzi ndi chinthu chokoma. Wamkulu akayamba kudya mosatekeseka, chitseko chimatsegulidwa pang'ono kuti aonane popanda kukhudzana. Pambuyo pake amawakumanitsa kwa mphindi zochepa iye ali pomwepo, atasiya njira yothawira ndi malo okwera amene wamkulu angakhalepo osafikiridwa. Kupemerera pang'ono si mlandu, ndi m'mene wamkulu amaikira malire, ndipo kumumenya chifukwa cha zimenezi kumangomuphunzitsa kuti mlendoyo wabwera ndi mavuto. Koma akayamba kuthamangitsa kapena kuluma, wolera amabwerera pa sitepe yam'mbuyo. Amphaka ena amatenga masabata ochepa, ena miyezi. Liwiro amaika ndi amene ali ndi mantha, osati amene ali ndi changu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa njira yonseyi pali phunziro la chilungamo. Anthu ambiri amaganiza kuti chilungamo ndi kugawa zinthu mofanana, koma apa zikuoneka kuti chilungamo ndi kupatsa aliyense chimene akusowa. Kamphaka kakusowa mkaka, kutentha ndi manja osamala. Mphaka wamkulu sakusowa zimenezi. Akusowa chitsimikizo chakuti malo ake sadalandidwe. N'chifukwa chake wolera wanzeru sasintha nthawi imene wamkulu amadyera, samusamutsa pamene amagona, ndipo saleka kumusisita ngakhale kamwana kokongola kali pomwepo. Aliyense amakhala ndi mbale yake ndi kabokosi kake ka mchenga, kuti pasakhale cholimbirana. Chatsopano chimakopa maso, ndipo chiyeso chachikulu cha wolera ndi kuiwala wakale. Kukhulupirika kwa amene adabwera poyamba ndi mbali ina ya chifundo chomwecho.

Ndi bwinonso kudziwa malire a zimene munthu angayembekezere. Amphaka ena amafika ponyambitana ndi kugona mounjikana. Ena amangolekererana: amadutsana pakhonde popanda mkangano, wina amagona pampando wina pawindo, ndipo amatha zaka ali choncho. Wolera sayenera kuona zimenezi ngati kulephera. Mtendere ungathe kukonzedwa, koma chikondi sichilamulidwa. Ndipo zikachitika kuti patapita miyezi wamkulu akuwondabe, akubisalabe, kapena ndewu siikutha, munthu woona mtima amavomereza kuti nyumba imeneyo singasunge onse awiri, n'kufunira kamphakako khomo lina labwino. Kuumirira pamenepo kungakhale kuteteza mbiri yake ya munthu wachifundo, osati kuteteza nyamazo.

Pamenepa pakutuluka funso lina. Kulera kwa mtundu umenewu nthawi zambiri n'kwa kanthawi chabe. Kamphaka kakakula, kakayamba kudya kokha ndi kulandira katemera, kamaperekedwa kwa mbuye wokhazikika. Kodi n'kwanzeru kukonda chinthu chimene munthu akudziwa kuti adzachipereka? Ena amaopa ululu wa kulekana, choncho amalera ndi manja okha, mtima atausunga patali. Koma akatswiri a khalidwe la amphaka adapeza kuti kuyambira pa masabata awiri mpaka 7 ndi pamene kamphaka kamaphunzira kukhulupirira anthu. Kakamagwiridwa mwachikondi pa nyengo imeneyi kamakula kofatsa, ndipo kakasowa zimenezi kamakula kamantha, kovuta kukapezera khomo. Choncho chikondi cha wolera ndicho chuma chimene kamphakako kamanyamula popita kwa mbuye watsopano. Wolera amafesa podziwa kuti wokolola ndi wina. Ululu umene amamva pa tsiku lopereka ndi gawo lomaliza la mtolo wake, ndipo akalisenza amatsegula malo oti kamasiye kena kadzapulumukirepo. Udindo wake umafikanso pa kuonetsetsa kuti mphakayo adzachitidwa opaleshoni yoletsa kubereka, kuti chifundo cha lero chisabale amasiye ena chaka chamawa.

Wowerenga watcheru waona kale kuti nkhaniyi ili ndi chithunzi chake pakati pa anthu. Mabanja ambiri amalandira ana a abale amene makolo awo adamwalira, potsata mawu a makolo akuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwambo umenewu ndi wamtengo wapatali, ndipo wapulumutsa ana osawerengeka. Koma nawonso uli ndi olipira ake osafunsidwa: ana a pakhomopo, amene amagawana mphasa, bulangeti, ndiwo ndi ndalama za sukulu ndi mlendo amene sadamuitane. Ngakhale mwana wamng'ono amene watsitsidwa kumsana chifukwa kwabadwa wopondana naye amadziwa kuwawa kwa kulandidwa malo. Kholo limene limangolamula kuti mukondane, kenaka n'kumakalipira aliyense wodandaula, limabzala chidani chimene wamasiye yemweyo ndiye adzakolola. Kholo lanzeru limafotokoza, limamvetsera, limaonetsa ana ake kuti malo awo mumtima mwake sadachepe, ndipo limayamba ndi kudzimana lokha lisanapemphe ana kuti adzimane.

Komabe fanizoli lili ndi polekezera. Mphaka sangauzidwe chifukwa chimene mlendo wabwerera, ndipo alibe mlandu akakana kugawana, popeza satha kusiyanitsa chabwino ndi choipa. Mwana wa munthu angathe kuuzidwa, angathe kudziyerekeza ali m'malo mwa wamasiyeyo, ndipo angathe kusankha kupereka mwa kufuna kwake. Kumeneku ndiye kusiyana kwa munthu ndi nyama, ndipo ndi pamene pagona umunthu. Chimene mphaka amachilola chifukwa chozolowera, munthu angathe kuchilandira chifukwa chomvetsa kuti chaona mnzake lero, mawa chidzaona iye.

Tsono yankho la funso lija ndi lotere: mtolo wa chifundo uyenera kusenzedwa ndi amene wasankha kuchita chifundocho. Kupulumutsa kamphaka kamasiye n'koyenera, chifukwa moyo ndi wolemera kuposa bata la masabata ochepa. Koma kupulumutsako sikuthera pa kutola. Kumapitirira m'chipinda chopatulidwa, m'tulo tosowa, m'ndalama za katemera, m'kudikira mphaka wakale mpaka mantha ake atatha, ndi m'kulimba mtima kopereka kamphakako nthawi ikakwana. Munthu amene sangathe kuchita zimenezi amachita bwino kufunafuna wina amene angathe, kusiyana n'kusenzetsa nyama yosalankhula katundu amene iye mwini wamukana. Chifundo chenicheni chimayang'ana mbali zonse ziwiri za chitseko: kwa amene akulira panja, ndi kwa amene ali kale m'kati.